Khola la Kumpoto kwa Nyumba Yanga

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene ndinalandira kalata yondichotsa ntchito ku Kanengo. Ndinali nditakalambira pa ukalaliki wa kampani ina ya fodya, koma kalatayo inali yaifupi ngati risiti ya sopo. Ndikadali nayo. Ndili ndi chikwama chachikopa momwe ndimasungamo pepala lililonse limene linadutsapo m'manja mwanga, kuyambira mtchatho wa ukwati mpaka matikiti a basi. Ena amandiseka nazo, koma ine ndinaona kalekale kuti munthu wopanda pepala amangotsutsidwa ndi aliyense wa pakamwa pakuthwa.

Munali mu 2002, chaka cha njala ija. Ine zaka zinali zitapitirira makumi asanu. Tinali ndi kanyumba kathu ku Chinsapo, ndipo mwana wathu wotsiriza, Tiyamike, anali atangoyamba kumene sekondale. Nditawauza akazi anga zaulendowo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pamsinkhu wanuwu, abambo a Tiya? Ku Joni kumapita anyamata a mawondo olimba."

"Nanga tizidya makoma a nyumbayi?" ndinatero ine.

Za nkhumba ndinayambitsa ndine, ndipo sindinakanepo pamaso pa munthu aliyense. Tonse awiri kwathu ndi ku Dedza, m'mabanja achikhristu, ndipo tinakula nkhumba zikulira kuseri kwa nyumba. Ndisananyamuke ndinawauza kuti ndalama yoyamba imene nditumize asagulire chitenje kapena mipando, agule tiana tiwiri ta nkhumba. Malo a khola ndinayeza ndekha ndi chingwe, kumpoto kwa nyumba, kuseri kwenikweni kwa chipinda chathu chogona, kuti akuba akabwera azimveka. Kumwera kunalibe malo chifukwa nyumba yathu inayandikana ndi msewu.

Ku Joni ndinapeza ya ulonda pa nyumba yosungiramo nsalu. Munthu amene ndinkalemba matani a fodya ndi cholembera cha inki, tsopano ndinkatsegulira magalimoto geti. Izo ndinazilandira. Chimene sindinachizolowere ndi kukhala masiku osamva munthu akutchula dzina langa. Kutchalitchi ndinapitako kangapo. Ankaimba bwino m'chinenero chawo, koma potuluka aliyense ankalowera kwake, ine n'kutsala pakhomo ngati ambulera yoiwalika. Ndalama ndinkatumiza kudzera kwa amatransipota, anyamata a magalimoto onyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi. Ankadulapo yawo yambiri, koma ndinkawakakamiza kusainira papepala nthawi zonse. Ena ankandithawa chifukwa cha zimenezo.

M'nyengo yozizira ya chaka chachiwiri ndinagwidwa chibayo. Amene ananditola ndi Che Saidi, telala wa ku Mangochi yemwe ankasokera pafupi ndi geti langa. Tinkangopatsana moni basi, koma ataona kuti sindikuonekanso anafunsira mpaka anapeza kumene ndinkagona. Ananditengera kuchipatala, kenako kuchipinda chake, n'kundipatsa bedi lake iye n'kumagona pansi. Ndili chigonere ndinkamuonerera. M'bandakucha ankadzuka, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi ndi madzi ozizira ngati a mufiriji, n'kuyala kamkeka kake. Masana ankasiya makina pakati pa msoko n'kuchitanso chimodzimodzi. Sanandilalikire ngakhale kamodzi. Ine ndi amene ndinayamba kufunsa.

Nditachira ndinamutsatira kumzikiti Lachisanu lina. Ndinaona anthu ataima pamzere phewa ndi phewa, wa suti ndi wa ovololo, wakuda ndi mmwenye, onse osavala nsapato, onse n'kugunditsa chipumi pansi nthawi imodzi. Mtima wanga, umene unali utauma gwa kuyambira tsiku la kalata ija, unafewa. Ndikulemba izi mwatsatanetsatane chifukwa kuno ku Chinsapo kuli anthu amene amafalitsa kuti ndinalowa Chisilamu pofuna mpunga wa amwenye. Limenelo ndi bodza. Bwana wanga sanali Msilamu, ankangopembedza mpira wa pa TV, ndipo malipiro anga sanakwere ndi senti imodzi. Mapepala a malipiro alipo, wofuna abwere adzaone.

Kulowa kunali kosavuta. Ndinanena mawu a umboni pamaso pa anthu, kuti palibe wopembedzedwa koma Mulungu mmodzi ndi kuti Muhammad ndi mtumiki wake. Anandipatsa dzina loti Idrisa, anandikumbatira, ndipo ndinapempha satifiketi. Chovuta chinabwera pambuyo pake. Munthu wa imvi ndinasanduka mwana wa sitandade wani. Kutawasa, ndiko kusamba kwa munthu asanaswali, kuli ndi dongosolo lake: manja, mkamwa, mphuno, nkhope, mikono, mutu, makutu, mapazi. Ndinalemba pa katoni n'kukhoma pamwamba pa mpope, koma ndinkasokonezabe, madzi n'kulowa m'mphuno ine n'kumatsamwa. Mawu a swala, pemphero la Asilamu, ndi a Chiarabu, ndipo lilime langa linkakana kupindika. Ndinkawalemba m'kope mmene ndikuwamvera m'khutu, n'kumaloweza ndili pageti.

"Achimwene, mukutafuna mawuwo ngati chimanga chokazinga," Che Saidi ankatero akuseka. "Pang'onopang'ono. Mwini wake akukumvani, ndife anthu amene tikuvutika."

Mawondo nawo anali ndi mlandu wawo. Kukhala pansi mopinda miyendo kunkandilizitsa misozi, ndipo podzuka ndinkagwira khoma. Mwezi woyamba wosala kudya ndinaona ngati dzuwa laima malo amodzi. Za mdulidwe sindilemba zambiri. Ndinapita kuchipatala, ndinachira, risiti ilipo. Koma tsiku limene ndinamaliza swala yonse ndekha osasuzumira m'kope, ndinakhala pamkekapo nthawi yaitali, ndili ndi mtendere umene sindinaupezepo m'moyo wanga wonse.

Kunyumba sindinabise. Masiku amenewo tinkaimba pa foni ya pamsika wa Chinsapo, mayi a Tiya n'kuitanidwa.

"Ndalowa Chisilamu," ndinawauza.

Iwo anandifunsa:

"Mwakwatira kumeneko?"

"Ayi, mayi. Ndati ndalowa Chisilamu."

"Ngati simunakwatire, zinazo tidzakambirana. Nkhumba yaikazi ija yaswa dzana, onse ndi amoyo."

Ndinawauza kuti nkhumbazo azigulitse zonse, agule mbuzi kapena nkhuku. Anati amva. Ndinabwerezanso m'kalata. Yankho linafotokoza za fizi ya Tiya, za mvula, za maliro a kumudzi, za nkhumba osatchulako. Ine ndinatenga kuti nkhani yatha, popeza m'banja mwathu mawu anga sankabwerezedwa. Zaka zotsatira ntchito inkaduladula ndipo zotumiza zanga zinachepa. Chodabwitsa, mayi a Tiya anasiya kudandaula za ndalama. Ndinkawayamikira mumtima kuti aphunzira kusinira.

Ndinabwerera mu 2008, pamene eni dziko anatitembenukira ife obwera. Chipinda chimene tinkakhala ndi Che Saidi anachiswa, makina ake n'kupita. Iye analowera kwawo ku Mangochi, ine ndinatsika basi mu Lilongwe ndi chikwama changa cha mapepala, kamkeka koswalira ndi zovala za m'thupi. Zina zonse zimene ndinasonkhanitsa zinatsala komweko.

Nyumba yanga ndinaidutsa osaizindikira. Inali itapakidwa laimu, pansi pali simenti, magetsi alowa, mpope uli pabwalo. Chimene chinandiuza kuti ndafika ndi fungo. Pamalo pamene ndinayeza ndi chingwe paja panali pataima khola la njerwa zootcha, la malata, lalitali kuposa khitchini, nkhumba zili thothotho. Anyamata ootcha nyama pa chiwaya anali ataima pamenepo ndi njinga zawo, akunenerera mtengo, akazi anga akuwatchula kuti abwana. Tiya anali ku koleji ya aphunzitsi, ndipo sindinafunikire kufunsa kuti fizi yake imachokera kuti.

Choona ndi choona: anandilandira mwaulemu. Anagwada pondipatsa moni. Nkhuku ya tsikulo anakaiphetsa kwa Msilamu wina wa kumsika kuti ndidye osakayika, ndipo anali atandigulira poto, mbale ndi kapu zangazanga. Nyama ya nkhumba inali itasiya kulowa m'nyumba. Iwo ankaona ngati apo amaliza mbali yawo.

"Nanga zija ndinanena pafoni?" ndinafunsa titadya.

"Munanena, ndinamva. Koma fizi sinamve."

Vuto lenileni ndinalizindikira mawa lake. Msilamu poswali amayang'ana ku Maka, ndipo kuchokera kuno ndiye kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Nditayala mkeka m'chipinda, ndinapeza kuti kutsogolo kwanga kuli khoma, ndipo kuseri kwa khomalo kuli khola. Ndinasamukira pabalaza, koma kumpoto sikusamuka. Paliponse pamene ndikanayala mkeka m'nyumba yanga, chipumi changa chinkaloza ku nkhumba. Ndiponso nthawi ya swala ya m'bandakucha ndi yomweyo imene izo zimayamba kulirira gaga. Mawu aja ndinawaloweza movutikira ankabalalika m'mutu, n'kumayambiranso, n'kusokonezanso. Ndinabwerera ku kope ngati woyamba kumene. Mtendere uja ndinaupeza ku Joni, m'kachipinda ka lendi, unandithawa m'nyumba yangayanga.

Ndinapirira milungu ingapo. Chimene chinandithyola ndi alamu anga a Gelevazio, mchimwene wawo wamng'ono wa mayi a Tiya, amene amalima ku Tsabango ndipo ankabweretsa gaga pa njinga. Munthu wa pakamwa posatseka. Tsiku loyamba lomwe anandifunsa pagulu kuti, "Ndiye alamu, akuti kumeneko amadula. Zatsalako?" Koma tsiku lina chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, anandipeza ndikuswali pabalaza chitseko chili chotsegula chifukwa cha kutentha. Ndili chigwadire, chipumi pansi, ndinamva akukuwa:

"Asisi, tabwerani mudzaone! Alamu akuthokoza mabwana amene awamangira nyumba!"

Anyamata a chiwaya anafa nacho chiseko. Munthu ukakhala pa swala sutembenuka, suyankha. Ndinapitiriza mpaka kumaliza. Mayi a Tiya ndinawamva akuti, "Iwe Gele, usatero," koma mofewa, ngati akuletsa mwana kuseweretsa madzi. Sanamuthamangitse. Anamupatsa tiyi.

Mawa lake ndinapita kwa shehe wa mzikiti wa kwathu kuno, munthu wamng'ono kwa ine, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndinafuna kuti andipatse chigamulo cholemba choti ndikawaonetse akunyumba. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Abambo Idrisa, pakati pa inu ndi kholalo pali khoma, ndipo pamene mukuswalipo ndi poyera. Swala yanu ndi yabwinobwino, siyiima pa khola. Nyamayo musadye, malondawo musawagwire. Mayiwo ndi akazi anu ndithu ngakhale ali Mkhristu. Akambirani nawo mofatsa, mwina pakutha kwa chaka adzasintha bizinesi."

"Ndiye ndizisekedwa pakhomo panga?"

"Kusekedwa tonse tinasekedwapo. Mwalowa dzana lomweli, bambo. Musayambe ndi kugwetsa makoma."

Ndinamupempha kuti alembe zimene wanenazo n'kusainira. Anaseka, nati iye si khoti. Ndinatuluka nditakwiya kuposa mmene ndinalowera. Iye ankanena za malamulo, ine ndinkanena za chipumi changa. Iye pakhomo pake palibe amene amamutchula wopembedza nkhumba.

Ndinaitanitsa ankhoswe. Anabwera a mbali zonse ziwiri, tinakhala pabalaza, ine n'kutsegula chikwama. Ndinayala patebulo mapepala a puloti, amene ali m'dzina langa, ndi marisiti onse a ndalama zimene ndinatumiza. Ndinati sindikuthamangitsa munthu, sindikukakamiza munthu kusiya tchalitchi chake, ndikungofuna kuti pa malo anga pasakhale nkhumba. Nkhoswe wina anati bwanji ndizikaswalira kumzikiti nthawi zonse. Ndinamufunsa ngati iye angayende mtunda umenewo kasanu patsiku ndi mawondo ngati anga. Wina anati tidikire Tiya amalize sukulu. Ndinakana. Ndinali nditadikira kale mokwanira.

Mayi a Tiya mapepalawo sanawakhudze. Anayankhula maso ali pansi, mawu osakweza.

"Puloti ndi yawo, sindikutsutsa. Ndalama anatumiza, sindikutsutsa. Koma afunseni kuti chaka chimene sanatumize kanthu kuyambira Pasaka mpaka Khirisimasi tinkadya mapepalawo kodi? Ine ndasenza gaga pamutu kuchokera kuchigayo mpaka khosi linauma. Ndagona m'kholamo ndi tochi nkhumba ikuswa. Anzanga a kumvano ankandithawa pabenchi kuti ndikununkha. Iwo apeza Mulungu wawo kumeneko, ndasangalala nawo, poto ndawagulira. Koma popita sanandifunse, polowa Chisilamu sanandifunse, lero abwera chimanjamanja akuti gwetsa. Chabwino. Zichoka Loweruka."

Ankhoswe anapumira m'mwamba, nayamika mayiwo chifukwa cha kumvera. Ine ndinabwezera mapepala anga m'chikwama mwadongosolo lake. Ndinali nditapambana.

Loweruka kunabwera lole. A Gelevazio ndi anyamata awo anakweza nkhumba zonse, phokoso lake mpaka anthu anadzaza msewu. Zinkapita ku Tsabango, kumunda kwa alamuwo. Kenako ndinaona akukweza migolo ya gaga, kenako matiresi, kenako sutikesi ya buluu imene ndinawagulira mayi a Tiya tili achinyamata. Iwo anatuluka atavala chitenje chatsopano, n'kukhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala.

"Nanga inu mukupita kuti?"

"Nkhumba sizidziphikira, abambo a Tiya. Kuchokera kuno kukafika ku Tsabango ndi maminibasi awiri. Ndizikagona komweko."

"Mubwera liti?"

"Inu mmene munkapita ku Joni munandiuza tsiku lobwera?"

Lole inanyamuka.

Khola ndinaligwetsa ndekha, njerwa n'kuzisanja bwinobwino pambali. Pansi ndinapalapo, ndinathira laimu ndi mchenga watsopano. Tsopano kumpoto kwa nyumba yanga kuli mbee. M'bandakucha kumakhala bata loti ndimamva kuitana kwa kumzikiti kuchokera kutali. Swala zonse zisanu ndimaswali osasuzumira m'kope, ndipo lilime lafewa moti Che Saidi atandimva sangandisekenso. Palibe amene amandinyoza pakhomo, chifukwa palibe amene amabwera.

Chaka chatha tsopano. Sitinasudzulane. Tikakumana pamaliro amagwada n'kundipatsa moni ngati mkazi wa munthu, anthu n'kumati banja lilipo. Tiya akatsekera sukulu amagona kuno masiku awiri, otsalawo kwa mayi ake, ndipo amayankhula nane mosamala ngati mlendo. Shehe uja anandifunsa kamodzi kuti mayi ali bwanji. Nditamuuza anangoti, "Pitani mukawaone." Sindinapitebe. Ndikapita ndikanena chiyani? Kuti ndinalakwa? Sindikuona pamene ndinalakwa. Munthu ali ndi ufulu wogwadira Mulungu wake pamalo oyera, pa puloti yake, ndipo ndidzanena zimenezi mpaka tsiku londiika m'manda. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti nawonso sindikuona pamene analakwa. Ndinkaganiza kuti ndikubwerera ku nyumba imene ndinaisiya ikundidikira. Koma nyumbayo inali itaphunzira kuima popanda ine, ndipo mwini wake weniweni dzina lake silili pa pepala lililonse la m'chikwama changa.

Ntchito pamsinkhu uno sindinaipeze. Ndimalembera anthu makalata ndi kuwadzazira mafomu pamsika, zopeza zake ndi za sopo ndi mchere. Mwezi watha, thumba la ufa litatsala pang'ono kupindidwa, ndinamva belu la njinga pabwalo. Anali a Gelevazio, thukuta lili kamukamu, thumba lodzaza lili pakaliyala. Analitsitsa pakhonde osandiyang'ana kumaso. Nthabwala analibe tsikulo.

"Asisi akuti ndikuuzeni kuti ufawu ndi wa chimanga cha m'munda mwawo, alima okha. Akuti simunalowe ndalama ya nkhumba ngakhale ya kuchigayo, agayitsa ndi ya tomato. Akuti mudye osaopa."

"Anenanso china?"

"Afunsa za mawondo."

Ndinamuthokoza, ndinamupatsa madzi akumwa, anapita. Ine ndine mwana wa mlimi. Ndikudziwa kuti chimanga cha maso akuluakulu chotere, chaka chimene feteleza wavuta chonchi, sichikula ndi mvula yokha, ndipo ndikudziwa kumene manyowa a munda umenewo amachokera. Ndinavala kofiya kuti ndikafunse kwa shehe. Ndinafika mpaka pa msewu, ndinaima, ndinabwerera, n'kulowetsa thumbalo m'nyumba.